Kumene Mitundu Yatsopano ya Chinangwa Chobereka Kwambiri Imachokera

Mlangizi wa zaulimi akafika pamudzi atasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa cha mtundu watsopano, mafunso amene amakumana nawo sasiyana kwenikweni, kaya ndi ku Mansa, ku Nkhata Bay kapena ku Nampula. Alimi amafuna kudziwa kumene mbewuyo yachokera, miyezi imene imatenga kuti ikhwime, ndiponso ngati nsima yake iri yabwino. Mlangizi akayankha mongoganizira, alimi amabzala mbewuyo kumalire kwa munda, ndipo ikapanda kuwakomera chaka choyamba amaitaya. Motero ntchito imene idatenga akatswiri zaka khumi imathera padzala. Nkhani ino ikufotokoza mmene mitundu yatsopano imapezekera, zimene akatswiri amayang'ana posankha, ndi gawo limene limatsalira alangizi.

Kufunika kwa mbewuyi

Kwawo kwa chinangwa ndi ku South America, makamaka kumwera kwa nkhalango ya Amazon m'dziko la Brazil. Apwitikizi adafika nacho ku gombe la kumadzulo kwa Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo kum'mawa chidalowa pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1700. M'chaka cha 2020 dziko lonse lapansi lidakolola matani oposa 300 miliyoni, ndipo oposa theka adachokera mu Africa. M'chigawo chino chinangwa ndiye chakudya chodalirika ku Congo ndi ku Angola, ku Luapula ndi kumpoto kwa Zambia, ku Nampula, Zambezia ndi Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, ndiponso m'mbali mwa nyanja ya Malawi kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Karonga.

Chirala cha 1991 ndi 1992 chidatsegula maso a maboma ambiri. Pamene chimanga chidapserera m'minda, mabanja amene adali ndi chinangwa adapitiriza kuika mphika pamoto. Komabe zokolola za alimi ambiri mu Africa zimangofika matani 8 mpaka 10 pa hekitala, pamene m'minda ya kafukufuku mitundu yabwino imapitirira matani 30. Kusiyana kumeneku kumadza chifukwa cha matenda, kuguga kwa nthaka, kuchedwa kupalira, ndi mtundu wa mbewu. Akatswiri okwatitsa mbewu amalimbana ndi mtundu ndi matenda. Zotsalazo ziri m'manja mwa mlimi ndi mlangizi wake.

Njere ndi mtengo

Mlimi amabzala mtengo wodula, ndipo chimene chimamera chimafanana ndi kholo lake m'zonse: kukoma kwake, kuwawa kwake, ngakhalenso matenda ake. Choncho mtundu watsopano sungabadwe kuchokera ku mtengo. Umabadwa kuchokera ku njere.

Chinangwa chimachita maluwa pamene tsinde lagawikana mphanda. Pa tsango limodzi pamakhala maluwa aakazi m'munsi ndi aamuna m'mwamba, ndipo aakazi amamasula sabata imodzi kapena ziwiri aamuna asanamasule. Chifukwa cha ichi, mungu umene umafika pa duwa lachikazi kawirikawiri umachokera ku chomera china, wotengedwa ndi njuchi. Katswiri akafuna kudziwa bambo ndi mayi wa njere zake, amakuta duwa lachikazi ndi kathumba ka nsalu m'mawa lisanamasule, kenaka masana amalipaka mungu wa chomera chimene wasankha ndi kulembapo chizindikiro. Chipatso chimakhwima patapita miyezi pafupifupi itatu, ndipo chikauma chimaphulika ndi kumwaza njere kutali. N'chifukwa chake chimamangidwa m'kathumba kena chisanaume. M'chipatso chimodzi simupitirira njere zitatu, ndipo nthawi zambiri mumapezeka imodzi kapena ziwiri.

Njere iriyonse ndi mtundu pawokha. Ana a makolo amodzimodzi amasiyana kwambiri: wina wamtali, wina wamfupi, wina wobereka, wina wopanda kanthu pansi. Mitundu yambiri ya makolo idapezeka m'njira yomweyi, pamene mlimi wa maso akuthwa adaona chinangwa chomera chokha m'munda, nachikonda, nayamba kudula mitengo yake.

Pali vuto limodzi limene lasautsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Alimi ambiri amakonda chinangwa chowongoka, chochedwa kuchita mphanda, popeza chimalola kubzala nyemba kapena chimanga pakati, ndipo mitengo yake imamangika bwino m'mitolo. Koma chinangwa chotere chimachedwanso kuchita maluwa, mwina osachita n'komwe, motero kholo limene likufunika kwambiri ndi limene limavuta kukwatitsa.

Magawo a kasankhidwe

Chaka choyamba njere zikwizikwi zimafesedwa pa nazale. Chomera chirichonse chimakhala chimodzi chokha, choncho katswiri sangaweruze za zokolola. Amangochotsa zimene zagwidwa ndi matenda, zofooka, ndi zimene mizu yake ndi yosaoneka bwino. Zambiri zimathera pomwepa.

Chaka chachiwiri chomera chirichonse chimene chapulumuka chimadulidwa ndi kubzalidwa pa mzere wakewake. Apa mpamene chimayamba kuonetsa khalidwe lake lenileni, chifukwa mizu ya chomera chochokera ku njere imasiyana ndi ya chomera chochokera ku mtengo. M'zaka zotsatira mitundu imanka nichepa pamene minda yoyeserera imanka nikula. Mtundu uliwonse umabzalidwa m'magawo angapo a munda womwewo kuti chonde cha pamalo amodzi chisanamize woyesa, ndipo pambali pake pamakhala mtundu wa makolo wodziwika bwino woyerekezerapo. Kenaka yochepa imene yatsala imatumizidwa ku madera osiyana nyengo, kumchenga wa kunyanja ndi ku katondo wa kumtunda, kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Pomaliza imalowa m'minda ya alimi, ndipo komiti yoona za mbewu ya dziko lirilonse ndiyo imavomereza kuti itulutsidwe.

Popeza chinangwa chimakhala m'munda pafupifupi chaka chathunthu, gawo lirilonse limadya chaka, ndipo ulendo wonse umatenga zaka 8 mpaka 10. Mtundu wa Sauti wa ku Malawi ndi chitsanzo: m'mabuku a kafukufuku udali ndi nambala CH92/077, yosonyeza chaka cha 1992, koma udafika kwa alimi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa chinangwa mawuwa ndi oona.

Tanthauzo la kubereka kwambiri

Kulemera kwa chinangwa pa sikelo sikunena zonse, pakuti gawo lalikulu la muzu ndi madzi. Chimene banja limadya ndi chimene chimatsala chinangwa chikauma. Mwachitsanzo, mtundu wopereka matani 30 pa hekitala, koma wokhala ndi magawo 25 okha ouma pa 100 alionse, umasiya matani 7.5 a chakudya. Mtundu wina wopereka matani 24, wokhala ndi magawo 35 ouma, umasiya matani 8.4. Woyambawo umakondweretsa maso tsiku lokumba, koma wachiwiriwo ndiwo umadzaza thumba la makaka. Akatswiri amayesa zimenezi m'munda momwemo: amayeza makilogalamu atatu kapena asanu a chinangwa pa sikelo, n'kuyezanso chomwecho chitamizidwa m'madzi. Chimene chalemerabe kwambiri m'madzimo ndicho chaufa wambiri.

Chinthu chachiwiri ndi kagawidwe ka mphamvu m'chomera. Pali mitundu imene imatha mphamvu zake pa masamba ndi nthambi, pansi n'kusiya timizu tochepa. Katswiri amayeza chomera chonse, kenaka mizu payokha, ndipo amafuna mtundu umene theka la kulemera kwake, kapena kupitirirako pang'ono, liri pansi. Bungwe la CIAT, limene lidakhazikitsidwa mu 1967 ku Colombia ndipo limasunga mitundu ya chinangwa yoposa 6,000, lidalimbikitsa kwambiri muyeso umenewu kudzera mwa katswiri wa ku Japan, Kazuo Kawano. Ku Thailand, mgwirizano wa bungweli ndi akatswiri a dzikolo udabala mtundu wa Kasetsart 50 mu 1992. Mtunduwu udabzalidwa pa mahekitala oposa miliyoni imodzi ku Asia, ndipo zokolola za Thailand zidakwera kuchoka pa matani pafupifupi 14 pa hekitala kufika poposa 20. Koma chinangwa cha kumeneko chimalimidwira mafakitale a sitachi ndi chakudya cha ziweto. Mlimi wa kuno amadya yekha chimene walima, choncho zofuna zake ndi zambiri.

Chachitatu ndi nthawi. Banja limene nkhokwe yake yatha mu Januwale limafuna chinangwa chocha msanga. Banja lina limafuna chimene chingakhale pansi zaka ziwiri osaola kapena kuchita mitsitsi, chifukwa nthaka ndiyo nkhokwe yake. Chikangokumbidwa chimayamba kuda m'kati pasanathe masiku atatu. Mtundu umodzi sukwaniritsa zonsezi kawirikawiri.

Nkhondo yolimbana ndi khate

Mu Africa, njira yaikulu yochulukitsira zokolola yakhala kugonjetsa matenda. Khate la chinangwa, limene limapiringiza masamba ndi kuwachititsa mawanga achikasu, lidalembedwa koyamba mu 1894 m'dziko limene tsopano ndi Tanzania. Limayamba ndi kachirombo ka vairasi kamene kamafala kudzera m'mitengo yobzala ndi m'ntchentche zoyera.

Mu 1937, pa malo a kafukufuku a Amani m'mapiri a Usambara, H. H. Storey ndi R. F. W. Nichols adayamba kufunafuna chinangwa chopirira khate. Ataona kuti mitundu imene adasonkhanitsa siikupirira mokwanira, adakwatitsa chinangwa ndi mbale wake wakutchire, mtengo wa mpira wotchedwa Manihot glaziovii. Ana oyamba adali opirira koma opanda mizu yodyedwa, motero adawakwatitsanso ndi chinangwa mobwerezabwereza kufikira mizu idabwerera. Ntchito ya ku Amani idatsekedwa mu 1957, koma njere zina zidali zitatumizidwa kale ku Nigeria, kumene kudasankhidwa chomera cha nambala 58308.

Chomeracho sichidali chobereka bwino, koma akatswiri adachisunga. Bungwe la IITA, limene lidakhazikitsidwa ku Ibadan mu 1967, litayamba ntchito ya chinangwa mu 1971 motsogozedwa ndi S. K. Hahn wa ku Korea, lidakwatitsa 58308 ndi mitundu yobereka kwambiri. Umo ndimo mudachokera TMS 30572 ndi abale ake, amene adayamba kufika kwa alimi mu 1977. Kafukufuku wamkulu wa COSCA, amene adayamba mu 1989, adapeza kuti m'minda ya alimi a ku Nigeria mitunduyi idaposa ya makolo ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse, popanda feteleza. Kuchokera pamene ntchito idayamba ku Amani padali patapita zaka 40.

Phindu la ntchitoyi lidaonekanso ku Uganda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khate la mtundu woopsa lidasesa minda kumeneko kotero kuti alimi ambiri adasiya kulima chinangwa. Chimene chidabwezeretsa mbewuyi chidali mitundu yopirira yochokera ku IITA, imene idatulutsidwa ndi dzina la NASE. Pambuyo pake akatswiri adapezanso mphamvu ina yopirira khate m'mitundu ya makolo ya kumadzulo kwa Africa, monga TME 3, ndipo mphamvu imeneyi siivuta kupatsira kwa ana.

Sikuti vuto lirilonse limatha ndi mtundu watsopano. Kodikodi, amene adaoneka koyamba mu Africa mu 1973 kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville nafika ku Nkhata Bay pakati pa zaka za m'ma 1980, adagonja ndi kamavu kakang'ono kochokera ku Paraguay, kamene kadayamba kumwazidwa mu 1981.

Matenda obisala pansi

Mdani wachiwiri ndi matenda amene akatswiri amawatcha brown streak. Storey adawafotokoza mu 1936, ndipo kwa zaka zambiri adali a m'madera otsika okha: gombe la Kenya, Tanzania ndi Mozambique, ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Mu 2004 adabuka ku Uganda, kumtunda, nafalikira m'maiko oyandikana nawo. Mu 2017 adapezeka ku Zambia, m'maboma a Chienge ndi Kaputa.

Kuopsa kwa matendawa n'kwakuti munda umaoneka wathanzi. Masamba sapiringizika monga amachitira ndi khate. Pa masamba akale am'munsi pamangooneka chikasu chotsata mitsempha, ndipo pa tsinde lanthete pamakhala timizere tofiirira. Mlimi amadziwa tsiku lokumba, akathyola muzu n'kupeza m'kati muli zowola zouma zofiirira. Chinangwa chikakhalitsa pansi, kuwolako kumakula. Mitundu yambiri yopirira khate idapezeka kuti siipirira matendawa, motero akatswiri adabwereranso ku ana a ku Amani, monga Kaleso wa ku Kenya ndi Namikonga wa ku Tanzania. Ku Nampula alangizi adafalitsa mtundu wa makolo wotchedwa Nikwaha, umene masamba ake amadwala koma mizu yake siwola kwambiri. Mu 2019 akatswiri a ku Germany adalengeza kuti m'mitundu ina ya ku South America yosungidwa ndi CIAT apezamo yokana matendawa kotheratu, ndipo yayamba kugwiritsidwa ntchito ngati makolo.

Mawu a mlimi

Chinangwa chonse chiri ndi poizoni wachibadwa, wochepa m'chozizira ndi wochuluka m'chowawa. Chowawa chikadyedwa osakonzedwa bwino, makamaka nthawi ya njala pamene ndiwo zasowa, chimadzetsa matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo. Pa chirala cha 1981 anthu oposa 1,000 adapuwala motere m'chigawo cha Nampula. Pa chifukwa ichi akatswiri ambiri adaganiza kuti mlimi aliyense adzakondwera ndi chinangwa chozizira.

Kafukufuku amene adachitika pakati pa amayi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990 adaonetsa zina. Amayiwo adasankha chowawa mwadala pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, popeza akuba, anyani ndi nguluwe sachikhudza, ndipo chikaviikidwa m'madzi masiku angapo n'kuyanikidwa chimapereka kondowole woyera wa nsima yabwino. Chozizira, monga Mbundumali amene ena amati Manyokola, n'chofunika pamsika wa m'tauni ndi pa kadzutsa. Choncho funso loyamba la mlangizi liyenera kukhala lakuti chinangwacho chikupita mumphika uti. Kuyesa mtundu m'munda wa mlimi sikunathe ngati amayi sanauphike, sanasinje ufa wake, ndiponso sanalawe chigwada chake.

Maiko a m'chigawo chino adatsata njira ziwiri: kusankha yabwino mwa mitundu ya makolo, ndi kukwatitsa yatsopano. Zambia idatulutsa Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino mu 1993, yonse yosankhidwa mwa ya makolo, kenaka mu 2000 idatulutsa Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo yochokera ku ntchito yokwatitsa. Malawi idatulutsa Mkondezi, Maunjili ndi Silira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Sauti ndi Yizaso zidatsatira. Ku Nigeria, mu 2011, kudatulutsidwa mitundu yachikasu m'kati yokhala ndi zopatsa vitamini A.

Njira zofupikitsa nthawi

Kuyambira mu 2012, ntchito ya NextGen Cassava, yotsogozedwa ndi Cornell University pamodzi ndi akatswiri a ku Nigeria, Uganda ndi Tanzania, idayamba kuunika chibadwa cha mbande kuchokera ku kachidutswa ka tsamba. Poyerekeza zotsatira ndi za mitundu imene idayesedwa kale m'munda, katswiri amatha kulosera mbande imene ingakhale kholo labwino popanda kudikira zaka zinayi kapena zisanu. Akatswiri adapezanso kuti kuunikira chinangwa ndi magetsi ofiira usiku, ndi kudulira nthambi zanthete pa mphanda, kumafulumizitsa ndi kuchulukitsa maluwa. Njirazi zimafupikitsa kusankha makolo, koma mtundu uliwonse uyenerabe kuyesedwa m'nthaka ndi mumphika usanatulutsidwe.

Gawo la mlangizi

Mtundu ukatulutsidwa, vuto lotsala ndi mbewu. Njere imodzi ya chimanga imabala mazana, pamene chomera chimodzi cha chinangwa chimapereka mitengo yobzala pafupifupi khumi pa chaka. Pa mpata wa mita imodzi mbali zonse, hekitala imafuna mitengo 10,000. Kuyambira pa chomera chimodzi, pamafunika zaka zinayi kuti hekitala imodzi idzaze, ndipo hekitala ya mbewu imangokwanira mahekitala khumi. Kudula timitengo ta mfundo ziwiri n'kutimeretsa pa nazale yothirira kumafulumizitsa ntchitoyi, koma kumafuna chisamaliro.

Kuchepa kwa mbewu ndiko kumakopa anthu kutenga mitengo paliponse, ndipo pamenepo mpamene pagona ngozi. Alangizi ayenera kuyendera munda wa mbewu masamba adakali pamtengo, chifukwa mtolo wodulidwa kale suonetsa matenda. Chomera chodwala chizulidwe msanga ndi kutayidwa kutali ndi munda. Asanalole kudula, akumbe zomera zingapo ndi kuthyola mizu kuti aone m'kati. Mitengo ichokere ku zomera zokhwima, idulidwe masentimita 25 mpaka 30 ndi mfundo zisanu kapena kuposerapo, ndipo ngati kubzala kwachedwa iimikidwe pamthunzi. Mtolo uliwonse ukhale ndi dzina lake lolondola, pakuti mtundu umodzi umatchedwa maina osiyana tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje, ndipo dzina limodzi limatha kuimira mitundu iwiri.

Koposa zonse, mitengo ya chinangwa isaoloke malire a dziko popanda chilolezo cha oona za umoyo wa zomera. Achibale a ku Luapula ndi ku Katanga, kapena a ku Mulanje ndi ku Milange, amapatsana mbewu mwa chikondi, koma mtolo umodzi wodwala ungathe kulowetsa matenda m'boma lonse. Pakati pa maiko, mitundu yatsopano imayenda ngati timbande tomeretsedwa m'mabotolo ndi kuyesedwa kuti tiribe vairasi.

Mlangizi asalimbikitsenso mlimi kutaya mitundu yake yakale tsiku limodzi. Watsopanowo ubzalidwe pambali pa wakale, tsiku limodzi, m'nthaka yofanana, ndipo mlimi aweruze yekha pokolola. Zimene alimi anena, zabwino ndi zoipa zomwe, zilembedwe ndi kutumizidwa ku malo a kafukufuku monga Chitedze, Mkondezi, Mansa kapena Nampula, chifukwa ndi zimene zimauza katswiri makolo oyenera kukwatitsa nyengo yotsatira. Mlangizi akapeza chinangwa cha makolo chimene chaima chathanzi pakati pa munda wodwala, alembe dzina lake ndi mudzi wake, ndipo adziwitse akatswiri mwini munda asanachikumbe.